Mapira oyera, mapira amakolo, mchewere, mawere kapena balere: werengani kaye za mbalame

Chichitikireni chilala cha 2023/24, chomwe chinachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 a m'Malawi agweredwa ndi ngozi, funso limodzi silikuchoka pakamwa pa alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima: pamunda pomwe chimanga chimapserera chaka ndi chaka tibzalepo chiyani? Wina afunsa za Pilira, mtundu wa mapira oyera a kafukufuku, wina za mchewere, ndipo masiku ano sipalephera wina wofunsa za balere chifukwa anamva kuti ku Zambia makampani a mowa amamugula. Zoti mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba kuposa chimanga n'zodziwika kale, sitichedwapo. Chimene chimasiyanitsa wokolola ndi wolira ndi ndalama ina yomwe simuipeza pa paketi ya mbewu ngakhale pa kapepala ka alangizi, ndalama yoingitsira mbalame.

Koma balere ayambe wachoka panjira.

Balere ndi mbewu ya kozizira. Ku Ethiopia amalimidwa m'mapiri aatali ndipo anthu amadya tsiku ndi tsiku. Ku South Africa wambiri amachokera cha ku Caledon, ku Western Cape, komwe mvula imagwa m'miyezi yachisanu. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe amabzalidwa cha mu Meyi, n'kumathiriridwa ndi makina mpaka kukolola mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo olima ake ambiri ndi a mafamu akuluakulu amene asainirana kale ndi kampani ya mowa asanaponye njere pansi. Zambian Breweries ili ndi fakitale yake ya chimera ku Lusaka, kampani ya Delta ili ndi yake ku Kwekwe, ku Zimbabwe. Mtundu wobzala imasankha ndi kampani, chifukwa ofufuza ake amakhala atauyesa kale m'munda ndi m'thanki yofululira.

Chomwe ofunsa ambiri sadziwa n'chakuti kampaniyo sikufuna ufa, ikufuna njere yamoyo. Mayi aliyense amene anaviikapo mawere kuti apange chimera cha thobwa akudziwa kuti njere yakufa simera, imangowola n'kununkhitsa zinzake. Choncho galimoto ikafika pageti amatapako pang'ono n'kuyeza. Pa njere 100, zosachepera 95 ziyenera kumera, ndipo ogula ena amafuna 98. Chinyezi chisapitirire 12 kapena 13 pa 100. Mapuloteni akhale pakati pa 9 ndi 11.5 pa 100 kapena chapompo, ndipo njere zambiri zikhale zonenepa moti sizidutsa pa sefa ya mabowo a mamilimita 2.5.

Njira zophonyera miyezo imeneyi ndi zambiri, ndipo zina ndi zimene mlimi wa chimanga amaziona ngati kusamala. Mukathira yureya wambiri, kapena mukabereketsa mochedwa, munda umaoneka wobiriwira mosiririka koma mapuloteni amakwera, balereyo n'kukanidwa. Mukachedwa kubzala, njere zimadzakhwimira m'kutentha kwa Okutobala n'kutuluka zopyapyala. Mukapuntha ndi ndodo ngati nyemba, khungu limasupuka ndipo kamtima ka njere kamasweka. Mukaumitsa ndi mpweya wotentha kupitirira madigiri 43, njereyo imaoneka bwinobwino koma yafa. Mvula yoyamba ikapeza ngala zouma zili m'munda, zimayamba kumera pomwepo. Balere wokanidwa amagwera ku chakudya cha ziweto pa mtengo wotsika, ndipo pamisika yathu ya m'Malawi venda amangomuyang'ana, sadziwa kokamugulitsa. Onjezani kuti mbewu yake imalowa makilogalamu 80 mpaka 100 pa hekitala, pamene ya mapira ndi 8 yokha. N'zoona kuti balere amapirira dothi lamchere kuposa tirigu, amamwa madzi ochepa komanso amacha msanga. Koma wopanda mthirira wodalirika, malo ozizira ndi pepala losainidwa ndi wogula, asayese n'komwe.

Tirigu, mnzake wa balere, ali ndi kwawo m'Malawi muno: mapiri a Tsangano ndi Neno, komwe amabzalidwa chakumapeto kwa dzinja kuti akule ndi chinyezi chotsalira ndi mawawa a chiperoni. Kumeneko mdani ndi chiwawu cha dzimbiri pa masamba ndi mapesi, ndipo mankhwala ake otsika mtengo ndi mtundu wopirira, osati kupopera. A ku Zambia olima tirigu wa mvula akumbukirenso kuti matenda oumitsa ngala otchedwa wheat blast anapezeka ku Mpika m'nyengo ya 2017/18, ndipo amayenda ndi mbewu. Kuchigwa kotentha tirigu wa dzinja n'kutaya mbewu. Nkhani yeniyeni ya kumeneko ili pa mapira.

Mapira oyera a kafukufuku

Kuyambira m'ma 1980 bungwe la ICRISAT, lofufuza mbewu za m'madera ouma, linali ndi ntchito yaikulu ya mapira ndi mchewere ku Matopos, pafupi ndi Bulawayo, likugwira limodzi ndi ofufuza a maboma a m'chigawo cha SADC. M'zaka zimenezo ndi momwe munatulukira mitundu ya mapira ya Kuyuma ndi Sima ku Zambia, Macia ku Mozambique ndi mayiko ena, komanso Pilira 1 ndi Pilira 2 kuno ku Malawi m'ma 1990. Kutulutsa mtundu umodzi si masewera. Amakwatitsa mitundu iwiri, n'kumasankha ana ake kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi mpaka mtunduwo utakhazikika, kenako n'kuuyesa m'masiteshoni ngati Chitedze ndi Kasinthula ndi m'minda ya alimi. Zaka khumi zimatha.

Ankafuna mapira aafupi osagwa ndi mphepo, ocha m'miyezi itatu ndi theka kapena inayi, a njere zoyera zophika nsima yooneka ngati ya chimanga, obereka kwambiri. Ndipo tisanamizane, anakwanitsa. Pa siteshoni mitundu imeneyi imatha kupereka matani awiri kapena atatu pa hekitala, pamene alimi ambiri a mapira sakwanitsa ngakhale tani imodzi. Chaka chimene mvula yadula msanga, mapira ocha msanga amakhala atamaliza kale ntchito pamene amakolo asanatulutse n'komwe ngala.

Vuto ndi lakuti chilichonse chabwino pa mndandandawu chimakomeranso mbalame. Njere yoyera ilibe kuwawa kulikonse. Ngala yothinana yoima chilili ndi malo abwino oterapo mpheta n'kumadya mosatekeseka. Kucha msanga ndiye koopsa kwambiri. Mukabzala pakati pa Disembala, maluwa amabwera chakumapeto kwa Febuluwale, njere n'kuyamba mkaka kumayambiriro kwa Malichi. Nthawi imeneyo chimanga cha anzanu chili chobisika m'makoko, mapira amakolo akadali masamba okhaokha, ndipo munda wokhala ndi njere zoonekera poyera m'mudzi monse ndi wanu. Mpheta, atchete, njiwa ndi timbalame ta milomo yofiira totchedwa quelea, touluka m'magulu a zikwizikwi, tonse timadziwa kolowera.

Akatswiri amawerengera kuti kambalame kamodzi ka quelea kamadya ndi kuwononga pafupifupi magalamu 10 patsiku. Timbalame 1,000, tomwe ndi gulu laling'ono ndithu, ndiye kuti makilogalamu 10 patsiku, thumba la makilogalamu 50 pa masiku asanu. Kuchokera pa mkaka kufika pouma pamatenga milungu inayi kapena isanu. Pa ekala imodzi yomwe ikanakupatsani matumba khumi, masamuwo muwerenge nokha. Ndipo pa nthawi ya mkaka mbalame sizimeza njere, zimangoifinya n'kumwa madzi ake. Mukayandikira ngala mudzaona timankhusu tosweka tokhala ndi zoyera zouma ngati utoto, pansi pali mbuu. Ngala yotero imaoneka yodzaza mukakhala kutali, koma mukaipuntha m'manja mumatsala mankhusu okhaokha.

Nanga matani atatu aja amatheka bwanji? Pa siteshoni pamakhala anthu olembedwa ntchito yoingitsa mbalame kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo ngala zofunikira zimavekedwa timatumba. Si chinyengo ayi. Wofufuza akufuna kudziwa mphamvu ya mbewu, osati kukula kwa njala ya mpheta. Chondinyansa n'chakuti nambalayo ikamatuluka kupita pa kapepala kogawira alimi, mlonda uja amatsalira ku siteshoni. Pakapepala pamalembedwa masiku ocha, zokolola pa hekitala, mtundu wa feteleza, ndipo za mbalame pamangokhala kamzere kamodzi chakumapeto, koti alimi ateteze mbewu zawo. Kamzere kameneko ndi mwezi wathunthu wa munthu wamkulu.

Werengani chonchi musanagule mbewu. Tengani mtengo wa ganyu wa tsiku lathunthu kwanuko, muchulukitse ndi 35. Munthu mmodzi amakwanitsa ekala imodzi, mwina ziwiri ngati pali nsanja pakati ndi zingwe zopita m'makona onse. Ndalama imene yatulukayo muichotse pa mtengo wa matumba amene mukuyembekeza. Ngati mukuti mulondera nokha, dziwani kuti Malichi yemweyo ndi wa ntchito zina zam'munda, wa maliro, wa kudwala malungo, ndipo tsiku limodzi lokha losiya munda limatha kufafaniza milungu iwiri yolondera. Kale ntchitoyi inali ya ana. Lero ana ali m'kalasi, ndipo n'koyenera kuti akhale kumeneko.

Zoopsezera zosayenda zokha sizithandiza. Chidole chovekedwa malaya, mapepala a pulasitiki, timagalasi tonyezimira, zonsezi mbalame zimazizolowera pakangopita masiku ochepa, mpaka kumatera pamutu pa chidolecho. Chimene chimagwira ntchito ndi munthu woyendayenda, zingwe zomangirira zitini zokhala ndi timiyala, legeni kapena gulaye, makamaka m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo pamene mbalame zimadya mwaphuma. Masana zambiri zimakabisala m'mitengo ndi m'mabango pafupi ndi madzi, n'chifukwa chake munda wa m'mbali mwa dambo kapena pansi pa mitengo ikuluikulu umavutika kuposa wa pamtetete. Udzu wobereka njere wosiyidwa m'mizere umaitananso mbalame mapira asanayambe n'komwe mkaka.

Mankhwala enieni a vutoli sagulidwa m'sitolo. Ndi kubzala pamodzi. Mabanja 15 kapena 20 akagwirizana mtundu umodzi, minda yoyandikana, onse n'kubzala m'sabata imodzi, timbalame 1,000 tija timagawikana pa maekala makumi awiri m'malo mounjikana pa imodzi, ndipo olondera amasinthana. Kubzala pamodzi kumachepetsanso kachirombo kena komwe anthu ambiri sakadziwa, kooneka ngati kaudzudzu kofiirira, komwe kamaikira mazira m'maluwa a mapira. Mphutsi yake imadya njere isanapangike. Kamaswana pa milungu iwiri kapena itatu iliyonse, choncho munda woyamba kuchita maluwa umakachulukitsa, munda wochedwa n'kupeza ngala zopanda kanthu. Mwini wake amatukwana wogulitsa mbewu, chonsecho cholakwa ndi tsiku lobzalira.

Pali zina ziwiri zimene mapira oyera ocha msanga amalipitsa. Akakhwimira m'mvula ya Malichi, ngala yothinana siuma mkati, njere zimachita chuku chakuda kapena chofiirira, ufa umada, ndipo mbewu yotero imamera mwa apo ndi apo. Komanso mitundu ya njere zofewa anankafumbwe amailowa msanga. Musaisunge m'ngala padenga mpaka Okutobala ngati amakolo. Punthani, umitsani mpaka njere izithetheka mukailuma, ndipo muitsekere m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena muthire mankhwala.

Mapira amakolo

Apa ndiye pamene ndimakondera, ndipo sindibisa. Mitundu yambiri yamakolo, yaitali mamita atatu kapena kuposa, siwerenga masiku chibzalireni, imatsatira kufupika kwa usana. Wobzala kumayambiriro kwa Disembala ndi wobzala pa Khirisimasi amadzaona ngala pafupifupi nthawi imodzi, mvula ikamatha. Ndiye kuti kubzala pamodzi kuja mbewuyo imadzichitira yokha, popanda msonkhano wa kwa amfumu. Njere zimakhwimira padzuwa la Meyi ndi Juni, kopanda chuku. Ngala zambiri ndi zomwazika, zolendewera, moti mbalame ikatera zimagwedera. Njere zake ndi zolimba ndipo zimakhalitsa m'nkhokwe. Mapesi ake ndi mpanda, denga la khola ndi nkhuni.

Mitundu ina yofiira kapena yoderako ili ndi kachikopa kowawa pansi pa khungu, komwe mbalame zimadana nako njere ikadali yaiwisi. Koma si mapira ofiira onse amene ali nako, ndipo apa anthu amapusitsidwa pamsika. Tengani njere zingapo, mupale khungu pang'ono ndi lezala. Mukaona kachikopa koderako pakati pa khungu ndi ufa woyera wa mkati, ndi omwewo. Mukapala n'kufikira pa zoyera nthawi yomweyo, kufiirako ndi kwa pamwamba chabe ndipo mpheta zidzadya ngati oyera. Kuwawako kuli ndi mtengo wake: nsima imada ndi kumata m'kamwa mukapanda kukonola bwino, ndipo anapiye odyetsedwa mapira otere okhaokha amakula mochedwa. Kwa ophika thobwa ndi masese si vuto. Dziwaninso kuti chaka cha njala ya mbalame, zikasowa china, zimadya ndi owawa omwe.

Kuipa kwa amakolo n'kodziwika. Amafuna chinyezi cha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mvula ikadula mu Febuluwale pa dothi losasunga madzi mumakolola mapesi. Ngakhale chaka chabwino sabereka ngati Pilira, ndipo feteleza wambiri amangowatalikitsa n'kuwagwetsa. Pa makande a kuchigwa cha Shire, omwe amasunga madzi nthawi yaitali, amachita bwino kuposa pa dothi lamchenga.

Kabzalidwe ka mapira a mitundu yonse n'kofanana. Mizere italikirane masentimita 75, mapando 30, kapena 45 kouma kwambiri. Ponyani njere zinayi kapena zisanu, mukwirire masentimita awiri kapena atatu okha, chifukwa njere yaing'ono ikapita pansi ngati chimanga situluka. Pakatha milungu iwiri kapena itatu patulirani kusiya ziwiri, ndipo zozulazo mutha kupakizira pomwe sipanamere ngati tsikulo kwagwa mvula. Makilogalamu atatu amakwana ekala. Wosowa ndalama ya feteleza wokwanira agwiritse ntchito kachitsekerero ka botolo: kamodzi kodzaza pa mapando awiri kapena atatu, kukwirira masentimita asanu kuchoka pa mmera, dothi lili lonyowa. Mukachedwa kubzala, kantchentche kena kamaola mtima wa mmera, tsamba lapakati n'kuuma lokha. Munda wa kaufiti mapira sautha, amavutika ngati chimanga, choncho muyambe mwaupumitsa ndi mtedza, soya kapena nandolo.

A ziweto amve ichi: mapira aang'ono, ndi mphukira zotuluka pa zitsa mvula ikagwa pambuyo pa ng'amba, zimakhala ndi poizoni wopha ng'ombe ndi mbuzi mofulumira. Musalowetse ziweto mbewuyo isanapitirire masentimita 60, kapena dulani muumitse kaye.

Mchewere ndi mawere

Pa mchenga pomwe ngakhale mapira amafota, mchewere ndiye mwini malo. Umatha kubereka ndi mvula ya mamilimita 300 mpaka 400, ndipo mitundu ya kafukufuku ngati Nyankhombo ndi Tupatupa inatulutsidwa kuti iziche msanga. Mbewu yake ndi makilogalamu anayi kapena asanu pa hekitala. Koma pa makande odikha madzi musauyese: masiku ochepa mizu ili m'madzi, wachita chikasu, watha.

Pa mbalame mchewere ndi woipitsitsa kuposa mapira oyera. Njere zake ndi zazing'ono, zokwana bwino pakamwa pa mpheta, zili poyera kuzungulira ngala yonse. Umaphukanso nthambi zambiri zomwe sizicha pamodzi, choncho masiku olondera amatalika ndipo kukolola kumakhala kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake mukapeza mchewere wandevu, uja ngala yake ili ndi timinga titalititali tobaya mbalame m'maso, musaunyoze chifukwa choti ndi wachikale kapena umayabwa popuntha. Ndevuzo ndi mlonda wosalipidwa. Kwa mlimi wolima yekha, mchewere wandevu wobereka pang'ono umalowetsa zambiri m'nkhokwe kuposa wosalala wobereka kwambiri.

Mukaona mmera wa masamba otuwa kunsi, kapena ngala imene yasanduka timasamba m'malo mwa njere, zulani muotche, chifukwa matenda amenewo amatsalira m'dothi. Ufa wa mchewere uli ndi mafuta, umayamba kuwawa pakatha sabata kapena ziwiri, ndiye muzigayitsa pang'onopang'ono.

Mawere anthu amawaika m'gulu lomweli molakwika. Si mbewu ya chilala kwenikweni. Amafuna mvula ya mamilimita 500 kupita m'tsogolo, n'chifukwa chake kwawo ndi ku Chitipa, Mzimba ndi kumpoto kwa Zambia komwe ankalimidwa pa phulusa la chitemene, ulimi wodula nthambi za mitengo n'kuziotcha pamunda. Amaposa zonsezi pa zinthu ziwiri: amakhala zaka m'nkhokwe anankafumbwe osawakhudza, ndipo pamsika amagulidwa mokwera kuposa chimanga chifukwa cha thobwa ndi phala la ana. Ndalama yawo yobisika ndi kupalira. Pali udzu wina wofanana nawo kwambiri ukadali waung'ono, moti m'munda wofesa mwachisawawa wopalira amazula mawere n'kusiya udzu. Bzalani m'timizere totalikirana masentimita 30, mbewu mutaisakaniza ndi mchenga wouma kuti isaunjikane, n'kupatulira kusiya masentimita 10. Chilichonse chomera kunja kwa mzere ndi udzu, khasu lidutse. Chiwawu chimawagwira pakhosi pa ngala chaka cha mvula yambiri, zala zake n'kuuma zopanda njere, ndipo apa mitundu ya kafukufuku imathandizadi. Mbalame zimadyanso, koma theka la ekala la mawere limalondereka.

Mbewu yobwereza

Funso loti mbewu ingabwerezedwe kangati lili ndi mayankho osiyana, ndipo chifukwa chake chili m'maluwa. Balere, tirigu ndi mawere zimadzikwatira zokha duwa lisanatseguke bwino, choncho mtundu umakhala womwewo zaka zambiri, bola musasakanize popunthira. Mapira amadzikwatira okha kwambiri koma mungu wa kwa oyandikana nawo umalowako pang'ono, ndiye mukaona mapesi ena atalitali akusuzumira pamwamba pa Pilira, dziwani kuti wayamba kusakanizika. Adule asanachite maluwa, ndipo pakatha zaka zitatu gulani mbewu ina. Mchewere ndiye wosasunga mtundu: mbali yaikazi ya duwa imatuluka masiku angapo mungu wa ngala yomweyo usanakonzeke, motero njere zambiri bambo wake ndi wa kwina. Munda wa mbewu utalikirane ndi mchewere wina mamita osachepera 200, ndipo musankhe ngala zoposa 100 za pakati pa munda, osati zisanu zokongola zokha, chifukwa mbewu ya ngala zochepa imafooka. Ya haibulidi, kaya mapira kaya mchewere, sibwerezedwa.

Ngala za mbewu zivekeni timatumba ta pepala la khaki. Pa mapira mutha kuveka maluwa asanatuluke, zimatetezanso mtundu. Pa mchewere dikirani maluwa athe, apo ayi ngala imadzikwatira yokha, mbewu yake n'kufooka. Pulasitiki ayi, amaphika ngala.

Chokhumudwitsa n'chakuti m'masitolo a zipangizo zaulimi chimanga chimadzaza mashelefu pamene mbewu yovomerezeka ya mapira kapena mchewere muchita kuisakasaka. Anthu amathera pamsika, kugula mapira oyera a m'beseni omwe wogulitsa akulumbira kuti ndi Pilira. Njere yoyera iliyonse imafanana. Ngati palibe kalebulo kosonyeza dzina la mtundu, nambala ya gulu la mbewuyo (loti) ndi tsiku loyezedwa, mwagula chakudya, osati mbewu. Mulimonsemo yesani kameredwe sabata ziwiri mvula isanagwe: njere 100 pa chiguduli chonyowa, pindani, sungani pamthunzi chisaume, muwerenge pakatha masiku asanu ndi awiri. Zikamera zoposa 80 bzalani mwa masiku onse. Pakati pa 60 ndi 80 onjezani njere paphando. Kutsika apo, pitani nazo kuchigayo.

Tsono ndisankhe chiyani? Ngati muli pa kalabu kapena mudzi wogwirizanadi, osati wongolemba mayina, ndipo pali wogula kapena mukufuna nsima yoyera, Pilira ndi anzake ndi abwino kuposa china chilichonse pano, makamaka chaka chimene a zanyengo achenjeza za El Niño. Ngati muli nokha pa makande, gawo lalikulu likhale la amakolo, oyera mungoika kachigawo kapafupi ndi nyumba komwe maso amafika. Nokha pa mchenga, mchewere wandevu. Kumtunda kwa mvula yokwanira, kamunda ka mawere m'mizere kadzakupatsani ndalama kuposa kukula kwake.

Amene mwabzala kale mapira oyera panokha, pali njira yodulira masiku olondera. Simuyenera kudikira kuti ngala ziumire m'munda. Pakatha pafupifupi mwezi chichitireni maluwa, yambani kuthothola njere za kumunsi kwa ngala, chifukwa ndi zimene zimakhwima pomaliza, n'kuyang'ana pomwe njere inalumikizana ndi ngala. Pakaoneka kadontho kakuda, njereyo yasiya kulandira chakudya kuchokera ku phesi ndipo kulemera kwake kwakwana, ngakhale ikadali yofewa mukaidina ndi chikhadabo. Ngala zambiri zikafika pamenepo dulani, muyanike pathandala lokwera pakhomo, mosaunjika kuposa ngala ziwiri kapena zitatu, muzitembenuza tsiku lililonse ndi kuvundikira usiku. Mukatero mwapulumutsa sabata imodzi kapena ziwiri za ganyu, koma musapunthe kapena kuthira m'thumba njere isanayambe kuthetheka pa dzino, chifukwa chuku chidzamaliza zimene mpheta zinasiya.